Galimoto ikamanjenjemera poponda buleki, musathamangire kukasikimitsa madisiki

Bambo wina woyendetsa Sienta pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya anafika pagalaja m'mawa wina, ndipo anayamba kulankhula asanazimitse n'komwe injini. "Achimwene, ndithandizeni. Madisiki awa ndasikimitsa kawiri chaka chomwe chino, mapadi ndinagula atsopano, koma ndikangoponda buleki ndili pa 80, chiwongolero chimachita ngati chindipulumuka m'manja. Anthu amene ndanyamula mpaka amayang'anana."

Ndinawafunsa kuti atasikimitsa koyamba, ndiko kuti atasalazitsa nkhope za madisiki pa makina, galimoto inakhala bwino nthawi yaitali bwanji.

"Miyezi iwiri, mwina itatu. Kenako zinayambanso pang'onopang'ono."

Yankho limenelo linandiuza zambiri ndisanavule n'komwe tayala. Disiki yosalazidwa bwino siwonongeka yokha m'miyezi iwiri. Pali china chimene chikuiwononga, ndipo chinthucho chinatsala pagalimoto pomwepo nthawi imene disiki inapita ku makina. Apa ndi pamene eni galimoto zakale kuno kwathu amatayira ndalama zambiri. Timalimbana ndi disiki, chonsecho disikiyo ndi yongolakwiridwa.

Tiyambe ndi buleki ya kutsogolo, poti ndi imene imasenza gawo lalikulu la ntchito yoimitsa galimoto. Mukaponda, kulemera kochuluka kumatsamira kutsogolo. Disiki ndi chitsulo chophwatalala chija chimene chimazungulira limodzi ndi tayala. Kalipa imakhala itaikumbatira m'mphepete, ndipo mkati mwa kalipa muli mapadi awiri, ina uku ina uku. Mukaponda pedulo, fuluwidi imakankha pisitoni, pisitoni imakankha padi ya mkati, ndiyeno kalipa yonse imasendera pa mapini ake awiri n'kukoka padi ya kunja. Disiki imapanidwa pakati. Liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha pamenepo, ndipo kutenthako kumakwera mothamanga kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Kuima kuchoka pa 100 kumaotcha madisiki kanayi kuyerekeza ndi kuima kuchoka pa 50.

Tsono tengani lichero, mupane mkombero wake ndi zala ziwiri, mwana azilizunguza. Pamene nsungwi yakhuthala zala zanu zikankhidwa, pamene yapyapyala zibwerera. Mapadi amamva zomwezo pa disiki imene kukhuthala kwake sikuli kofanana. Pokhuthala pakamadutsa, pisitoni imakankhidwira m'mbuyo, fuluwidi imabwerera m'mapaipi, pedulo n'kukumenyani kuphazi. Nthawi yomweyo buleki ya tayala limenelo imakhala ikugwira, kutaya, kugwira, kutaya, ndipo tayalalo limakokera chiwongolero uku ndi uku. Tayala la galimoto yaing'ono limayenda pafupifupi mamita 2 likazungulira kamodzi, kotero pa 80 limazungulira ka 11 kapena ka 12 pa sekondi iliyonse. Ndiko kunjenjemera kumene mumamva m'manja. N'chifukwa chakenso kumapita kucheperachepera liwiro likamatsika, mpaka galimoto ikatsala pang'ono kuima mumachita kutha kuwerenga: gwi, gwi, gwi.

Kusiyana kumene kumabweretsa zonsezi n'kochepa modabwitsa. Mamilimita 0.02 kapena 0.03 okha akwana kuti dalaivala amve. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lokhuthala kuposa pamenepo. Choncho makaniko akamapapasa disiki ndi chala n'kumati "iyi ili bwino" kapena "iyi yapindika", dziwani kuti akungoganizira. Chala sichimva muyeso wotere.

Mawu akuti "disiki yapindika" ndi amene amatisocheretsa. Madisiki ambiri amapangidwa ndi chitsulo chonga cha simbi yamakala, chimene sichipindika wamba ngati lata. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti disiki imakhala itagona mopendekeka pang'ono pa habu, chitsulo chomangirapo tayala, moti pozungulira imapukusa mutu ngati limu ya njinga yokhota. Masiku oyamba simumva kanthu, chifukwa kalipa imasendera limodzi ndi disikiyo. Koma mbali yotukukayo imakhudza padi pang'ono ulendo uliwonse tayala likazungulira, ngakhale phazi lanu lili kutali ndi pedulo. Kuchoka pa Kasungu kukafika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 120, tayala limazungulira maulendo oposa 60,000. Werengerani maulendo amenewa pa miyezi itatu ya galimoto yonyamula anthu tsiku ndi tsiku. Pamalo pokhudza paja pamadyeka n'kupyapyala, kapena padi imapakapo zinthu zake n'kupakhuthalitsa. Kupendekeka kuja kwabala kusiyana kwa makhuthalidwe, ndipo tsopano chiwongolero chayamba kuvina. Mukasikimitsa mumachotsa kusiyanako, koma mukaibwezera disiki pamalo opendekeka omwewo, mwangoyambitsanso kuwerenga kwa miyezi itatu ina.

Nanga chimapendeketsa disiki n'chiyani? Choyamba, ndipo chimene ndimachipeza kawirikawiri kuposa china chilichonse, ndi dzimbiri la pankhope ya habu. Habu ndi chitsulo chija chokhala ndi mabawuti amene mumamangirapo tayala, ndipo disiki imagona pankhope pake. Galimoto zathu zambiri zinachoka ku Japan zitayenda kale zaka, zinatsika m'sitima ku Dar es Salaam, ndipo kuyambira pamenepo zakhala zikusambira m'matope a dzinja ndi m'fumbi la chilimwe m'misewu yopita m'midzi. Madzi amalowa pakati pa habu ndi disiki, dzimbiri n'kutukumuka m'menemo. Makaniko akamenya disiki ndi hamala kuti ichoke, dzimbiri lina limagwa, lina limatsala. Akaibwezera mothamanga osatsuka, imagonera pa kachibulu ka dzimbiri. Kachibuluko kali pafupi ndi pakati, ndiye pofika m'mphepete pamene pamagwira mapadi, kupendekekako kumakhala kutakula kawiri kapena katatu. Ntchito ya mphindi khumi ndi burashi ya waya ndi sandipepa ndi imene imasiyidwa apa.

Chachiwiri ndi mamangidwe a manati. Imani pamalo okonzera matayala m'mphepete mwa M1 muone. Mnyamata amalowetsa paipi yaitali ku wilo sipanala, n'kuikwera ndi mapazi onse awiri mpaka nati italira. Mwini galimoto amakondwa kuti tayala lake silichoka. Komatu pagalimoto zambiri zing'onozing'ono za Toyota, muyeso wa manati ndi 103 Nm. Mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi kupachika katundu wa makilogalamu 35 kumapeto kwa sipanala yotalika masentimita 30, katundu wosakwana n'komwe thumba la feteleza. Munthu wa makilogalamu 65 akaima pa paipi ya mita imodzi wawirikiza muyesowo kasanu ndi kamodzi. Ndipo samanga manati onse mofanana: ina waikwera, ina wangoikoka ndi dzanja. Disiki imapanidwa pakati pa limu ndi habu ndi manati omwewo, kotero mbali yomangidwa kwambiri imakokeka. Mabawuti nawo amatamuka, ndipo tsiku lina amaduka. Manati amamangidwa modumphanitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, n'kumalizitsa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene nati yamangidwira. Ngati galimoto yanu inayamba kunjenjemera patapita milungu ingapo mutaphotsa tayala, kumbukirani mmene linabwezedwera.

Ndiye pali mapini a kalipa. Pini iliyonse ili ndi kalabala koiteteza ku fumbi ndi madzi. Kalabalako kakang'ambika, girizi imauma, dzimbiri limalowa, kalipa n'kusiya kusendera. Padi imodzi imakhala ikukhula disiki ulendo wonse. Mudzaona padi ya mkati yatha pamene ya kunja ikadali yonenepa, kapena padi yadyeka mopendekeka ngati nkhwangwa. Limu ya mbali imeneyo imatentha kuposa inzake, imada ndi fumbi la mapadi, galimoto imakokera mbali imodzi ndipo imamwa mafuta ambiri. Pisitoni nayo imatha kugwira chimodzimodzi, makamaka ngati fuluwidi sinasinthidwepo. Fuluwidi imayamwa chinyezi cha mumpweya. Ya DOT 3 ikakhala yatsopano imawira pa madigiri 205 kapena kuposa, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 140, ndipo madzi omwewo ndi amene amadya pisitoni mkati. Zaka ziwiri zilizonse imafunika kukhetsedwa yonse. Paipi ya labala yopita ku kalipa ikakalamba imathanso kufufuma mkati n'kumalola fuluwidi kupita koma osabwerera msanga, buleki n'kumakhala yogwira mutachotsa kale phazi.

Palinso mbali imene ili m'manja mwa dalaivala. Amene munayendapo msewu wa Kasungu kupita ku Nkhotakota mukudziwa mitsetse ya m'nkhalango muja potsikira kunyanja. Galimoto yodzaza anthu ndi matumba ikatsika pamenepo phazi lili pa buleki mtunda wonse, madisiki amatentha mpaka kununkha. Ndiyeno pofika pansi dalaivala amaima, phazi n'kulikanikiza pa pedulo mphindi ziwiri akudikira wina atsike. Padi yotentha imadinda chithunzi chake pa disiki yotentha, ndipo mukavula tayala mumachiona ndi maso, kachigamba kofanana ndendende ndi padi. Pamenepo pakhuthala. Potsika mtsetse wautali lowetsani giya yotsika, injini ikuthandizeni. Pa otomatiki ikani pa 2 kapena L, pa galimoto zina ndi S kapena B. Pondani buleki mwamphamvu pang'ono, liwiro litsike, chotsani phazi madisiki apume, kusiyana n'kulisiya litatsamira pamenepo. Mukafika poima madisiki ali moto, kokani handibuleki kapena ikani pa P, phazi lichoke. Ndipo musalowe nayo potsukira galimoto kuti aithire madzi ozizira mutangotsika kumene paulendo wautali.

Galimoto yokhala miyezi panja nthawi ya mvula ili ndi vuto lakelake. Disiki yonse imachita dzimbiri kupatula pamene paphimbidwa ndi mapadi. Ikayamba kuyenda, kunjenjemera kumabwera tsiku lomwelo. Kukakhala kochepa kumatha kokha mukaponda kangapo. Dzimbiri likazika, sikutha.

Koma si kunjenjemera konse kumene kumachokera ku madisiki, ndipo musanagule chilichonse yambani mwaifunsa galimotoyo pamsewu. Pezani malo owongoka a tala opanda anthu, njinga ndi ziweto, mulibe wina m'mbuyo mwanu. Thamangani mpaka 80 kapena 90, phazi lisakhudze buleki. Ngati chiwongolero chikunjenjemera kale musanaponde, vuto lili ku matayala: balansi yatha, limu yapindika pa dzenje, matope auma mkati mwa limu, kapena tayala latupa chifukwa mawaya ake alekana. Matayala a kaunjika amachita zimenezi kwambiri. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsiriza pamzere wa DOT. 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lingakhale ndi mano ooneka bwino koma lili lokalamba.

Ngati galimoto ikuyenda myaa mpaka mutaponda, pondani mofewa ndipo mumvetsere kumene kunjenjemerako kukutulukira. Kukakhala m'chiwongolero, yang'anani kutsogolo. Kukakhala pampando, kumsana ndi pansi pa galimoto, chiwongolero chili phee, yang'anani kumbuyo. Pedulo imamenya pa zonse ziwiri, ndiye payokha sikuuzani mbali. Kumbuyo kwa galimoto zambiri zakale kuli madilamu, ndipo pali njira yowayesera paokha: mukuyenda pang'onopang'ono, pa 20 kapena 30, dinani batani la handibuleki osalitaya, n'kuikoka pang'onopang'ono. Mukamva ikugunda m'dzanja, dilamu lasiya kukhala lobulungira bwino. Musayese zimenezi pa liwiro, pamsewu wonyowa, kapena pagalimoto imene handibuleki yake ndi yoponda ndi phazi, chifukwa imeneyo imakola ndipo matayala akumbuyo angagwire mwadzidzidzi.

Musasokonezenso ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kugwiriratu mukaponda buleki mwamphamvu. Mukaponda mwamphamvu pamsewu wa fumbi kapena wa miyala, pedulo n'kuchita phokoso la grrr mothamanga kwambiri, imeneyo ndi ABS ikugwira ntchito yake, ndipo phazi musalichotse. Koma ikamachita zomwezo pa tala youma, mukuima mofatsa pa liwiro lochepa, ndiye kuti sensa ya tayala lina yadzaza zinyalala, kapena kamkombero ka mano kamene sensayo imawerenga kasweka. Kumeneko disiki ilibe mlandu.

Mukabwerako, yandikizani dzanja ku limu iliyonse osakhudza disiki, poti imaotcha ngati chiwaya. Mbali ziwiri za kutsogolo ziyenera kutentha mofanana. Imodzi ikaposa inzake, mwapeza poyambira.

Zotsalazo ndi za pagalaja. Galimoto ikakwezedwa ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Tayala lisanavulidwe, ligwireni dzanja lina pamwamba lina pansi, muligwedeze. Likagwedera, ndi beringi kapena bolojointi. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Kugwedera kwa uku n'kwa tayirodi. Kenako lowetsani chitsulo pa mabushu a control arm, mkono wachitsulo wolumikiza tayala ku thupi la galimoto, muone ngati labala wang'ambika. Izi n'zofunika kwambiri pagalimoto yakale, chifukwa mukaponda buleki tayala limakokedwera m'mbuyo ndipo mabushu ndi amene amaligwira. Akatha, kanjenjemero kakang'ono kamene galimoto yatsopano ikanakameza kamakula mpaka kugwedeza dashibodi. Beringi yogwedera nayo imapukusitsa disiki mutu ngakhale disikiyo ili yatsopano ya m'bokosi. Maenje ndi mahampu a m'misewu yathu amadya zinthu zimenezi msanga, ndipo ndaonapo galimoto zingapo zimene kunjenjemera kwake kunatha titangosintha mabushu ndi tayirodi, madisiki osawakhudza.

Pa disiki penipenipo pamafunika zida ziwiri, ndipo ndimakhulupirira kuti galaja iliyonse yogwira mabuleki iyenera kukhala nazo. Choyamba ndi micrometer yoyezera kukhuthala. Amayeza malo asanu ndi atatu kuzungulira disiki, pafupifupi sentimita imodzi kuchoka m'mphepete, n'kuona kusiyana kwa muyeso waukulu ndi waung'ono. Vernier wamba imanama apa, chifukwa imakola pa mlomo wa dzimbiri wa m'mphepete. Chachiwiri ndi dial gauge, kachida kooneka ngati wotchi kokhala ndi kansonga kokhudza nkhope ya disiki. Disiki imamangidwa ndi manati ake onse, kansongako kamaikidwa pafupi ndi m'mphepete, ndiyeno amazunguza pang'onopang'ono n'kumaonera muvi. Pagalimoto zambiri zing'onozing'ono, muvi usayende kupitirira mamilimita 0.05. Ukapitirira, amavula disiki, kutsuka nkhope ya habu ndi mkati mwa disiki mpaka chitsulo chiwale, n'kuyezanso. Ukapitirirabe, amaika chizindikiro ndi choko, kuisuntha disiki pa bawuti yotsatira, n'kuyezanso mpaka apeze pamene muvi ukuyenda pang'ono kwambiri. Zikakanikabe, amayeza habu payokha. Habu yopindika pa dzenje imawononga disiki iliyonse imene mungaikepo, ndipo imafunika kusinthidwa basi.

Pa Sienta ija, titavula tayala lakumanzere tinapeza nati imodzi yomangidwa mwakuti tinachita kuvutika nayo, pamene ina inamasuka ndi dzanja limodzi. Pini ya pansi ya kalipa inali itauma gwa, kalabala kake katang'ambika, ndipo tinaitulutsa mochita kupotokola. Padi ya mkati inali itatsala theka, ya kunja ikuoneka ngati yagulidwa dzulo. Nkhope ya habu inali ndi dzimbiri la mabulumabulu, ndipo mkati mwa disiki munali zidindo zake. Ndinawaitana mwini wake kuti aone okha muvi wa dial gauge ukuyenda kuwirikiza kawiri malire ake.

"Ndiye mukutanthauza kuti ndalama zonse zija ndinangotaya?" anafunsa atagwira pakamwa.

"Osikimawo anagwira ntchito yawo, bambo. Koma disiki inkabwerera pa dzimbiri lomweli, ndipo pini iyi palibe anaikhudza."

Apa ndiye pamabwera funso lakuti disiki isikimidwe kapena isinthidwe. Kusikima pakokha si kolakwika. Disiki ikakhala ndi nyama yokwanira, ilibe ming'alu, ndipo wa makina waikhazika bwino n'kudula pang'ono mbali zonse ziwiri, imagwiranso ntchito bwinobwino. Koma disiki iliyonse ili ndi malire amene anadindidwa m'mphepete kapena pakati pake, zilembo zakuti MIN TH ndi nambala. Pa madisiki ambiri a kutsogolo, kusiyana kwa yatsopano ndi malire amenewa ndi mamilimita 2 okha. Chotsaponi zimene mapadi adya pazaka zonsezi, chotsaponinso kusikima kuwiri, muone chotsala. Muyeso wofunika ndi wa pambuyo posikima, osati wa isanapite ku makina. Disiki yopyapyala imatentha msanga poti chitsulo chosunga kutentha chachepa, imayambanso kunjenjemera msanga, ndipo imatha kung'aluka. Imene ili ndi madontho a buluu kapena akuda owala, ndiye kuti chitsulo chinapsa n'kuuma pamalo amenewo. Madonthowo sadyeka mofanana ndi malo ena, kotero ngakhale muisalaze, amatukukanso. Yotere, ndiponso iliyonse yokhala ndi mng'alu wofika m'mphepete, ndi yotaya. Madisiki a bambo aja anali atadutsa kale malire, ndipo sindikanalola kuti abwererenso pagalimoto yonyamula anthu.

Pogula, tengani nambala ya chassis, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana madisiki malinga ndi chaka ndi injini. Gulani awiri, akumanja ndi akumanzere, pamodzi ndi mapadi atsopano. Kusintha mbali imodzi kumakoketsa galimoto poima, ndipo padi yakale imasindikiza mizere yake pa disiki yatsopano. Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta, ndipo mapadi otchipa kwambiri amakopa. Koma mapadi osadziwika kumene achokera amapsa msanga n'kupaka disiki mwa zigambazigamba, ena amachita kumatuka pachitsulo chawo. Disiki yogwiritsidwa kale ntchito musaigule popanda micrometer m'manja.

Kumanga kwake kumafuna kudekha. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo amayenera kutsukidwa onse ndi brake cleaner. Kalipa ikavulidwa ipachikidwe ndi waya, isalendewere pa paipi yake. Mapini atsukidwe, timalabala tong'ambika tisinthidwe, ndipo apakidwe girizi ya mabuleki yopirira kutentha. Girizi wamba imafufumitsa labala, pini n'kugwiranso pakapita miyezi yochepa. Tizitsulo timene makutu a padi amatsetserekapo titsukidwe kuti padi izilowa ndi dzanja, osati ndi hamala. Pankhope ya padi ndi ya disiki pasagwere girizi ngakhale dontho. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, n'loipa m'mapapo. Disiki yatsopano nayonso iyezedwe ndi dial gauge itamangidwa, poti kukhala yatsopano sikutanthauza kuti yagona bwino. Ndipo galimoto isanasunthe, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe. Pisitoni imakhala itabwezedwa mkati, ndipo kuponda koyamba kumapita mpaka pansi popanda buleki.

Za madilamu akumbuyo ndinene mwachidule. Nawo ali ndi malire odindidwa, a kukula kwa mkati mwake, ndipo akadutsa pamenepo ndi osintha. Mukavula dilamu n'kupeza mashuzi anyowa, ndiye kuti silinda ikudontha fuluwidi. Mashuzi otere amagwira modzidzimutsa n'kumagwedeza galimoto. Kuwaotcha pamoto kapena kuwatsuka ndi petulo sikuwabwezeretsa. Sinthani silinda ndi mashuzi a mbali zonse ziwiri.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira mapeto a mwezi. Pedulo ikamamira pang'onopang'ono mutaiponda, ikakhala yofewa ngati siponji, mukamva chitsulo chikukhula chitsulo chinzake, galimoto ikamakhotera mbali mwamphamvu poima, kapena fuluwidi ikamatsika m'kabotolo kake, galimotoyo iime kaye. Kunjenjemera kwenikweniko kumayamba ngati kongosowetsa mtendere, koma kumatalikitsa mtunda woimira, kumadya tayirodi ndi mabushu, ndipo kumamuphunzitsa dalaivala kuopa kuponda mwamphamvu. Pa M1, pamene njinga ya kabaza kapena ngolo ingatulukire paliponse, mantha amenewo ndi oopsa.

Chotsiriza chimene ambiri amachidumpha ndi kuzoloweretsa mapadi ndi madisiki atsopano. Padi imayenera kupaka kansalu kopyapyala kofanana kuzungulira disiki yonse, ndipo zimenezi zimachitika m'makilomita oyambirira. Ndinakwera nawo bambo aja madzulo ake, tinatuluka m'tauni mpaka pamalo opanda anthu. Ndinawauza kuti afike pa 60, aponde mwapakatikati mpaka liwiro litsike pa 10 kapena 15, osaima, n'kukweranso. Tinabwereza kasanu ndi katatu. Kafungo kotentha kanamveka pang'ono, ndipo ndinawauza kuti kameneko kasawadetse nkhawa. Kenako tinayenda makilomita angapo osaponda kuti madisiki azizire. Pobwerera anafika pa 80, anaponda, n'kumasula zala pa chiwongolero kuti amve bwino. Anapondanso kachiwiri, osanena kanthu.

Ndinawapempha kuti makilomita 200 kapena 300 oyamba apewe kuponda modzidzimutsa pokhapokha pakhale ngozi, ndiponso kuti akapita ku Nkhamenya n'kubwerako adzere pagalaja tidzaonenso manati ndi torque wrench.

"Nanga ndikaphotsa panjira, achimwene, anyamata aja ndiwauze chiyani?"

"Auzeni amange ndi wilo sipanala ya m'galimoto mwanu momwemo, modumphanitsa, ndi manja okha. Paipi ija isayandikire. Mukafika kuno tidzamalizitsa."